Kuphunzira pulogalamu yatsopano yolembera malipoti ounika nyumba

Funso ili labwera kambirimbiri kuchokera kwa abale amene alowa ntchito younika nyumba ku America, ndi ena ochepa ku Britain ndi ku South Africa: "Ndalipira pulogalamu, ndaiika pa foni, nanga ndiyambire pati?" Ena amafunsa zinthu zitawavuta kale, atachezera mpaka 2 koloko usiku pa lipoti la nyumba imodzi. Yankho lonse ndaliika pano kamodzi.

Kwa amene simukuidziwa ntchitoyi: ku America munthu akagwirizana mtengo wa nyumba ndi mwiniwake, amakhala ndi masiku ochepa, kawirikawiri sabata imodzi kapena masiku khumi, oti abweretse wounika nyumba, amene kumeneko amatchedwa home inspector. Ameneyu amaiyendera nyumbayo kuyambira padenga mpaka kunsi kwake, kwa maola awiri kapena anayi, osagumula kapena kuboola kalikonse, kenako n'kulemba lipoti. Wogula amatenga lipotilo kukapempha kuti mwini nyumba akonze zina, atsitse mtengo, apo ayi angoisiya nyumbayo. Lipoti likachedwa tsiku limodzi, wogula wachepekedwa tsiku limodzi lokambirana.

Mapulogalamu odziwika ndi monga Spectora, HomeGauge, Home Inspector Pro ndi Horizon. Mabatani ake ndi osiyana koma kapangidwe kake n'kofanana. Mavidiyo a makampaniwa adzakuonetsani podina, ndipo zimenezo mudzazidziwa m'masiku awiri. Chimene chimadya masabata ndi template, chikombole cha malipoti anu onse, ndipo n'chimene malangizo ambiri amangochilumpha.

1. Dziwani kaye chimene lamulo la dera lanu likufuna mu lipoti

Malamulo a ntchitoyi amasiyana state ndi state, kutanthauza chigawo ndi chigawo cha America. Ku Texas, bungwe la TREC, lopereka layisensi kwa ounika nyumba, lili ndi fomu yake, REI 7-6, imene aliyense wakhala akukakamizidwa kuigwiritsa ntchito kuyambira pa 1 February 2022. Pa fomuyo chinthu chilichonse chimachongedwa I, NI, NP kapena D, kutanthauza kuti chaunikidwa, sichinaunikidwe, m'nyumbamo mulibe, kapena chili ndi vuto, ndipo dongosolo lake simungalisinthe mmene mukufunira. Ku Florida makampani a inshuwalansi amafuna mafomu apadera, monga la four-point loona denga, magetsi, mapaipi ndi makina otenthetsa ndi kuziziritsa nyumba, komanso la wind mitigation loona ngati nyumba ingalimbe ku mphepo yamkuntho. Ngati muli kumeneko, musanalipire funsani a pulogalamuyo ngati ali ndi mafomuwa, ndipo onani nokha nambala ya fomu kuti si yakale.

Kumene state ilibe muyezo wake, ambiri amatsata miyezo ya ntchito yotchedwa Standards of Practice ya mabungwe a ounika nyumba, InterNACHI kapena ASHI. Ku Britain anthu a RICS, bungwe la akatswiri ounika nyumba ndi malo, amatsata malipoti a Level 1, 2 ndi 3. Muyezo umene ukukukhudzani usindikizeni pa pepala, muuike pambali pa kompyuta. Mudzaufuna pa sitepe 4.

2. Ngati mukuchoka pa pulogalamu ina, tulutsani zanu musanatseke akaunti

Malipoti onse akale akopereni ngati PDF, pamodzi ndi mapangano amene makasitomala anasaina, muwasunge malo awiri osiyana. Dandaulo limatha kubwera patatha chaka kapena kuposa, ndipo tsiku limenelo simudzafuna kupeza kuti akaunti yakale inatsekedwa. Funsani bungwe lopereka layisensi ndi kampani yanu ya inshuwalansi kuti malipoti muyenera kuwasunga zaka zingati.

Ndemanga zanu zakale nazonso zitulutseni. Mapulogalamu ambiri amalola kuzitenga ngati fayilo ya Excel n'kuzilowetsa mu yatsopano, koma zikalowa ziwerengeni zonse. Kawirikawiri zimafika zitasokonekera: ndemanga ya denga igwera ku gawo la mapaipi, zizindikiro zina zisanduka tinthu tosawerengeka, zithunzi zofotokozera zitsala. Mwezi woyamba lipirani mapulogalamu onse awiri.

3. Mawu amene mukumane nawo

Template ndi chikombole. Lipoti lililonse ndi njerwa youmbidwa m'chikombolemo, choncho chikakhala chokhota, njerwa zonse zituluka zokhota. Dziwaninso kuti njerwa ikaumbidwa yaumbidwa: mukakonza template lero, malipoti amene munawatsegula kale dzulo sasintha, ndipo mukakonza mawu mkati mwa lipoti limodzi, template siimva pokhapokha mutaiuza kuti iwasunge. Apa ndi pamene atsopano ambiri amasokonezeka, n'kumadabwa kuti chimene anakonza chabwereranso.

Mkati mwa template muli ma section, omwe ndi magawo akuluakulu monga denga, kunja, magetsi, mapaipi. Mu section muli ma item: mu gawo la denga muli chofolera, ngalande za madzi a mvula, chumuni, ndi timalata totseka m'mphepete totchedwa flashing. Pansi pa item iliyonse pali ma comment, ndemanga, ndipo zimakhala za mitundu itatu. Information ndi yongofotokoza chomwe chilipo, monga mtundu wa chofolera kapena kukula kwa giza. Limitation ndi yonena chomwe simunathe kuchiona ndi chifukwa chake. Deficiency kapena observation ndi vuto lomwe mwapeza.

Summary ndi tsamba lachidule la mavuto, ndipo ogula ambiri ndi ma ejenti amawerenga lokhalo. Sync ndi kukweza zomwe zili pa foni kuti zikafike ku akaunti yanu ya pa intaneti. Publish ndi kutsegulira kasitomala lipoti.

4. Yeretsani template musanalowe m'nyumba ya kasitomala

Template yobwera ndi pulogalamu inalembedwa ndi munthu wina, kudera lina, poganizira nyumba zosiyana ndi zanu. Chiganizo chilichonse chomwe chili mmenemo, chikatuluka mu lipoti, chimakhala mawu anu, pansi pake pali dzina lanu ndi nambala ya layisensi yanu. N'chifukwa chake ndimanena kuti muiwerenge yonse, mzere ndi mzere, pa kompyuta osati pa foni. Patulani masiku atatu kapena anayi athunthu.

Yambani ndi kuikopera. Yoyambirira isiyeni mmene ilili, mugwire ntchito pa inayo, ndipo muipatse dzina lokhala ndi deti. Mukafufuta gawo molakwitsa mudzakhala ndi kobwerera.

Kenako tengani pepala la muyezo lija. Chilichonse chimene likuti wounika ayenera kuchiona kapena kuchifotokoza chikhale ndi malo ake mu template; chongani pa pepalapo chimodzi ndi chimodzi. Mukatha, yang'anani mbali inayo: zomwe zili mu template koma inu simuziunika. Ngati simuyeza mpweya woopsa wa radon wochokera m'nthaka, simulowetsa kamera m'paipi ya zonyansa, simuunika dziwe losambira, magawo amenewo achotseni kapena muwaike mu template yapadera. Gawo lopanda kanthu likaoneka mu lipoti, wowerenga amaganiza kuti munaona n'kupeza zonse zili bwino.

Tsopano fufuzani mabokosi ochongedwa kale. Ma template ambiri amabwera atachongeratu mayankho ofala pofuna kukupulumutsirani nthawi: chofolera ndi timatailosi ta phula totchedwa asphalt shingle, mawaya ndi a kopa, mapaipi ndi a pulasitiki ya PEX. Tsiku lina mudzafika pa nyumba ya malata, mudzakhala mwatopa, ndipo lipoti lidzatuluka likunena za shingle. Kasitomala akaona bodza limodzi lotere amakayika lipoti lonse, ndipo nkhani ikafika kwa maloya tsamba limenelo ndi lomwe amayambira. Choopsa koposa ndi mawaya ndi mapaipi. Nyumba zina za m'zaka za 1965 mpaka 1973 zili ndi mawaya a aluminiyamu amene amamasuka pa zolumikizira n'kuyamba kutentha, ndipo zambiri za pakati pa 1978 ndi 1995 zili ndi mapaipi otuwa a polybutylene amene amaphulika mosachenjeza. Bokosi lochongedwa kale likhoza kubisa zonsezi. Lamulo langa ndi ili: chilichonse chofotokoza nyumba yeniyeniyo chisakhale chochongedwa kale. Zololedwa kutuluka zokha ndi mawu okhawo amene ndi oona pa nyumba iliyonse, monga kufotokoza malire a ntchito yanu.

Mukatero sankhani dongosolo. Pali njira ziwiri: kusanja potsata zinthu, magetsi onse pamodzi ndi mapaipi onse pamodzi, kapena potsata zipinda. Yoyamba imamveka bwino kwa wogula pofuna kuitana amisiri, chifukwa wa zamagetsi amapeza zake zonse malo amodzi. Yachiwiri ndi yosavuta kwa inu poyenda. Ambiri amasakaniza, zinthu zikuluzikulu paokha koma khitchini ndi mabafa ngati zipinda. Chofunika n'chakuti magawo atsatane mmene mapazi anu amayendera. Ngati mumayamba panja, n'kukwera padenga, n'kulowa m'garaja, n'kutsiriza kunsi kwa nyumba, template iyende chomwecho, kuti chala chisamangokwera ndi kutsika pa foni kufunafuna gawo.

Mawu ochepa kwa amene mukufuna kugwiritsa ntchito mapulogalamuwa ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Chipata, poona nyumba za lendi kapena za abale okhala kunja: n'zotheka, koma template ya ku America mudzafufuta pafupifupi theka. Imanena za nyumba za matabwa, chipinda cha pansi pa nthaka chotchedwa basement, makina otenthetsa nyumba otchedwa furnace ndi magetsi a 120 volts, pomwe kwathu ndi njerwa, malata ndi 230 volts. Mudzafunika kulemba nokha magawo a chiswe m'mitengo ya denga, chinyezi chokwera m'khoma kuchokera ku maziko, mpanda, thanki ya madzi, septic tank ndi soakaway, mita ya magetsi ndi ma inverter. Ku South Africa onjezerani gawo lonse la giza ya m'denga, thireyi yake yolandira madzi odontha ndi mavalavu ake otchedwa vacuum breaker.

5. Lembani ndemanga zanuzanu

Iyi ndiyo ntchito yovuta kuposa zonse, ndipo palibe vidiyo ingakuchitireni.

Ndemanga ya vuto iyankhe mafunso anayi: mwaona chiyani, chili pati, n'chifukwa chiyani ndi vuto, ndipo achite chiyani, ndi mmisiri uti, liti. Malipoti anu mudzalemba m'Chingerezi, koma zitsanzo ndiziika m'Chichewa kuti kapangidwe kaoneke. Yolemba waulesi imati: "Giza ili ndi vuto. Itanani katswiri." Wogula sadziwa ngati ndi nkhani ya madola makumi awiri kapena ya giza yatsopano. Yabwino imati: "Pa giza ya m'garaja, valavu ya TPR ilibe paipi yotsitsira madzi pansi. Valavu imeneyi imatseguka yokha madzi akatentha kufika 210°F kapena mphamvu yake ikafika 150 psi, ndipo popanda paipi madzi owira akhoza kuwaula munthu woima pafupi. Pulambala aike paipi yotsika mpaka kutsala mainchesi 6 kapena kuchepera kuti ikhudze pansi, musanasamukire m'nyumbamo." Ziganizo zitatu, ndipo wogula, ejenti ndi pulambala onse amva.

Musayese kulemba ndemanga mazanamazana nthawi imodzi. Tengani malipoti anu 20 omaliza, muwerenge mavuto amene akubwerezabwereza, muyambe ndi 50 apamwamba. Ngati ndinu watsopano ndipo mulibe malipoti akale, yambani ndi awa, chifukwa mudzawapeza sabata iliyonse: soketi ya pafupi ndi madzi yopanda GFCI, yomwe ndi kachipangizo kamene kamadula magetsi akangothawa pang'ono, pafupifupi 5 milliamps, mawaya awiri opanikizidwa pa breaker ya waya mmodzi, bokosi la magetsi la Federal Pacific Stab-Lok, lodziwika kuti ma breaker ake amakana kudula, dothi lopendekera ku nyumba, pomwe liyenera kutsika mainchesi 6 m'mafiti 10 oyambirira, paipi ya madzi a mvula yothira patsinde pa khoma, mpata woposa mainchesi 4 pa zotchinga za masitepe, momwe mwana angapanikizike mutu, alamu ya utsi yopitirira zaka 10, fani ya m'bafa yotulutsira nthunzi m'denga, chimbudzi chogwedera, kudontha kunsi kwa sinki, mphamvu ya madzi yoposa 80 psi. Zina zonse mudzaonjezera pang'onopang'ono, ziwiri kapena zitatu madzulo alionse.

Ndemanga iliyonse muipatse dzina loyamba ndi liwu lomwe lingakubwereni m'mutu mutaima patsogolo pa vutolo, chifukwa pa foni mudzazipeza polemba zilembo zitatu kapena zinayi. "GFCI missing", "GFCI won't trip", "GFCI won't reset" zikhale moyandikana. Mukatchula imodzi "Outlet problem" ina "Safety at kitchen", simudzazipeza, ndipo mudzayamba kulemba zatsopano pamwamba pa zakale mpaka vuto limodzi likhale ndi ndemanga zinayi zosiyana mawu.

Malo asalowe m'ndemanga yosungidwa. Mukapeza vuto latsopano n'kulemba kuti "m'bafa la m'mwamba, kumanzere kwa windo", kenako n'kudina kuti isungidwe mu template, mawu amenewo adzatuluka pa nyumba yopanda chipinda cham'mwamba. Malo aikeni m'kabokosi ka location, ndipo chilichonse chimene mukusunga chichotseni kaye zonse za nyumba imeneyo, kuphatikizapo manambala amene munayeza. Mugwirizanenso ndi wowerenga za kumanzere ndi kumanja: ambiri amatenga mmene munthu akuonera ataima pa msewu kuyang'ana khomo lalikulu. Lembani zimenezi kumayambiriro kwa lipoti.

Pali mawu oyenera kuwasaka mu template yonse n'kuwachotsa. "Code violation", kutanthauza kuphwanya malamulo a kamangidwe, ndi limodzi: inu si wa khonsolo, ndipo nyumba ya 1960 sinamangidwe pa malamulo a lero. Nenani ngozi yake basi. Musalembe kuti ndi chuku pomwe simunatumize kanthu ku labu. Lembani kuti mwaona zomera zooneka ngati chuku, ndi kuti mita ya chinyezi yaonetsa chiyani. Musalonjeze kuti denga litha zaka zakuti. Koma musathawirenso ku mawu akuti "katswiri aone" pa chilichonse. Munthu wakulipirani kuti mumuuze, ndipo lipoti lomutumiza kwa amisiri khumi ndi awiri silinamuthandize. Injiniya muitanireni mng'alu wa maziko umene mbali imodzi yatuluka kunja kapena khoma lofufuma, osati kamng'alu kalikonse ka pulasitala.

Ma limitation alembeni mosamala chimodzimodzi. Denga lili ndi chipale chofewa, kapena n'lotsetsereka moti simunakwere: nenani kuti munaliona muli pa makwerero kapena pansi. Kunja kukuzizira kuchepera 65°F, pafupifupi 18°C, ndiye simunayatse makina oziziritsa nyumba poopa kuononga compressor. Gasi anali wotseka. Katundu anadzaza garaja mpaka khoma osaoneka. Chilichonse mwa izi chikhale ndi ndemanga yake yokonzeka, ndipo nthawi zonse muikepo chithunzi cha chomwe chinakutchingani.

Mapulogalamu ena tsopano amatha kukulemberani okha ndemanga mukawapatsa mawu ochepa. Agwiritseni ntchito posalaza Chingerezi ngati mukufuna, koma werengani liwu lililonse, chifukwa amaonjezera zinthu zimene inu simunazione.

6. Magulu a mavuto akhale atatu, ndipo muwafotokoze

Spectora imagawa mavuto patatu ndi mitundu: zongofunika kusamalira, zofunika kukonza, ndi zangozi, zomwe zimaoneka zofiira. A RICS amachita chofanana ndi manambala: 1 palibe chokonza pakadali pano, 2 pakufunika kukonza koma si zachangu, 3 ndi zazikulu kapena zachangu. Mulimonsemo, lembani tanthauzo la gulu lililonse kumayambiriro, ndipo ndemanga iliyonse muiike m'gulu lake muli pa kompyuta, mutu uli wozizira. Chofiira chikachuluka chimasiya kuopsa. Babu lakufa ndi waya wamoyo wosavala zikakhala za mtundu umodzi, wogula aona zonse ngati zazing'ono kapena athawa nyumba yabwinobwino. Onaninso magulu amene akupita ku summary. Nthawi zina vuto lalikulu limatsala mkati mwa lipoti chifukwa cha bokosi limodzi losachongedwa.

7. Zithunzi

Jambulani muli mkati mwa ndemanga, kuti chithunzi chimamatire pomwepo. Kujambula zithunzi 200 ndi kamera ya foni n'kukazisanja kunyumba ndiko kumachezetsa anthu usiku, ndipo pofika nthawiyo simukumbukanso kuti paipi yodontha ija inali ya bafa liti.

Vuto lililonse lalikulu likhale ndi zithunzi ziwiri, chapatali choonetsa malo ndi chapafupi choonetsa vutolo, chokhala ndi muvi umodzi kapena mzere wozungulira. Pa mng'alu ikani tepi yoyezera. Pa chinyezi jambulani mita ili pa khomapo, nambala ikuwerengeka. Jambulani kachitsulo ka manambala ka giza, furnace ndi makina oziziritsa, chifukwa zaka zake mudzazidziwira pa serial number. Onetsaninso kasitomala pamene pali valavu yotsekera madzi a nyumba yonse, ya gasi ndi breaker yaikulu. Tsiku lomwe paipi idzaphulike adzatsegula lipoti lanu kufuna zithunzi zimenezi.

Pali zithunzi zina zongodzitetezera nazo, zosalowa mu lipoti: chipinda chilichonse mmene munachipezera, chitofu chitazimitsidwa, thermostat itabwezedwa pomwe inali, bokosi la magetsi litatsekedwa. Koma kumbukirani kuti muli m'nyumba ya munthu wina. Zithunzi za ana pa khoma, makalata, mankhwala ndi zinthu zamtengo wapatali zisaoneke mu lipoti. Vidiyo ikhale ya masekondi khumi kapena khumi ndi asanu, ya zinthu zoyenda kapena zomveka zokha monga madzi akudontha kapena fani ikulira. Mavidiyo aatali ndi amene amaimitsa sync.

8. Yeserani pa nyumba zosalipira

Yoyamba ikhale yanu. Ilembetseni mu pulogalamu ngati ntchito yeniyeni, dzina la kasitomala likhale lanu ndi imelo yanu ina, muyende kuyambira panja mpaka kumapeto, mutumize lipotilo kwa inu nokha. Liwerengeni pa foni, pa kompyuta ndi ngati PDF, chifukwa pamene pa intaneti pakuoneka bwino PDF imatha kudula chithunzi pakati kapena kusiya masamba oyera.

Kenako pemphani anzanu atatu kapena anayi okhala m'nyumba zosiyana: yakale, yatsopano, ya basement, ya crawlspace, kampata kokwawira kunsi kwa nyumba. Tengani kapepala m'thumba. Pomwe mwaima kupitirira theka la miniti mukusaka ndemanga, lembani. Madzulo mukonze dzina lake kapena muisunthe. Lembaninso nthawi yoyambira ndi yomalizira. Nyumba zoyambirira zidzakutengerani nthawi yaitali kuposa njira yanu yakale, ndipo zimenezo zisakubwezeni m'mbuyo. Lipoti limodzi mupatse munthu amene sadziwa za zomangamanga, mumufunse kuti akuuzeni mavuto atatu aakulu a nyumbayo. Akalephera, bwererani pa sitepe 5 ndi 6.

Pophunzira, samalani kuti foni isakulandeni maso. Wounika watsopano pa pulogalamu amayenda ataweramira foni n'kudutsa pansi pa siling'i yothimbirira osaiona. Polowa m'chipinda foni ikhale m'thumba. Zungulirani, yesani mawindo ndi masoketi, yang'anani kumwamba, kenako muitulutse.

9. Netiweki, batire ndi sync

Ntchito ya tsikulo ikopereni pa foni muli kunyumba pa Wi-Fi, ndipo muitsegule kuti muone kuti yalowadi. Mu basement ndi kumidzi netiweki kulibe. Pulogalamu imagwirabe popanda intaneti, koma zonse zimakhala pa foni pokha mpaka mutachita sync. Musanachite sync musatuluke mu akaunti, musachotse pulogalamu, musaike update. Chitani sync mukatha kunja, mukatha m'denga, ndi musananyamuke, ndipo dikirani mpaka chithunzi chomaliza chikwere. Musatsegule lipoti limodzi pa foni ndi pa kompyuta nthawi imodzi, chifukwa china chikhoza kufufuta zomwe chinzake chalemba.

Kuzizira kumamaliza batire msanga, ndipo kutentha kwa m'denga nthawi yachilimwe kumazimitsa foni. Yendani ndi power bank, chingwe chachiwiri, ndi kope lokhala ndi mndandanda wa magawo anu.

10. Makalata odzitumiza okha

Mapulogalamuwa amatumiza okha imelo ndi mameseji: kutsimikiza tsiku, pangano loti kasitomala asaine, bilu, lipoti. Awerengeni onse, ndipo muzimitse amene simukuwafuna musanalembetse kasitomala woyamba. Onetsetsani kuti pangano likusainidwa ntchito isanayambe, ndipo mawu ake awone loya kapena a inshuwalansi yanu, musangotenga obwera ndi pulogalamu. Mukhoza kutseka lipoti kuti lisatseguke mpaka munthu atasaina ndi kulipira. Chenjezo lalikulu lili pa olandira. Lipoti ndi la kasitomala wanu. Ejenti wa wogulitsa asalilandire popanda chilolezo cha kasitomalayo, ndipo nthawi zina dzina la ejentiyo limalowa pa mndandanda wa olandira pongolembetsa ntchito.

11. Nyumba yoyamba yolipira

Tsiku limenelo mulandire nyumba imodzi yokha, ya m'mawa, ndipo kasitomala mumulonjeze lipoti la mawa lake ngakhale mukuona kuti mutha lero. Musananyamuke pa nyumbapo khalani m'galimoto, mutsegule gawo lililonse kuona ngati palibe item yotsala yosakhudzidwa. Kubwerera m'nyumba muli pa geti n'kosavuta. Kubwerera mawa kumafuna chilolezo cha mwini nyumba.

Kunyumba werengani lipoti lonse pa kompyuta mmene kasitomala adzalionere, mukusaka zinthu zisanu: adiresi ndi dzina, mawu a nyumba ina amene atsalira, chithunzi chosagwirizana ndi ndemanga yake, magawo otsutsana, monga pamene gawo la denga likuti palibe kudontha koma la siling'i likuonetsa banga, ndi vuto lalikulu lomwe silinafike mu summary. Ngati munalemba polankhula m'foni, werengani mokweza, chifukwa foni imamva molakwika mawu a ntchito ngati soffit, joist ndi flue.

Mukadina publish, koperani PDF nthawi yomweyo n'kuisunga. Lipoti la pa intaneti limasintha mukalikhudza, ndipo PDF imeneyo ndi umboni wa zomwe kasitomala analandira tsikulo. Mukapeza cholakwa pambuyo pake musachikonze mwakachetechete. Konzani, lembani deti la kusinthako m'lipotimo, ndipo mutumizireni kasitomala imelo yonena tsamba ndi chimene chasintha, nthawi yake yokambirana ndi mwini nyumba isanathe. Mukatero tsegulani template mufufuze ngati cholakwacho chinachokera mmenemo.